Kodi Mlandu wa Kutenthaku ndi wa Dzuwa?

Muulutsi: Tikupitiriza ndi makalata anu, omvera. Kalata iyi yachokera kwa bambo wina wa ku Karonga. Akuti: "Ndinamva kuti dzuwa lili ndi mawanga amene amachuluka n'kuchepa. Kodi kutentha kwa zaka zinozi sikukuchokera kumeneko, ife n'kumanamizira utsi wa m'mafakitale?" Aphunzitsi, ayankheni bambowa.

Katswiri: Zikomo bambo, mwafunsa zomveka. Mawangawo alipodi. Heinrich Schwabe wa ku Germany ndiye anaonetsa mu 1843 kuti amabwera n'kupita mobwerezabwereza, ndipo lero tikudziwa kuti zimatenga zaka pafupifupi 11. Kuyambira 1978 masetilaiti akhala akuyeza mphamvu ya dzuwa kumwamba komweko. Imakhala pafupifupi mawati 1,361 pa sikweya mita, ndipo mawanga akachuluka imangowonjezekera ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000. Zaka zonsezi mphamvuyi sinakwere, koma dziko likungotentherabe.

Umboni umene ine umandikhutiritsa kwambiri uli m'mwamba. Dzuwa likanakhala kuti lawonjeza moto, mpweya wapansi ndi wam'mwamba womwe ukanatenthera limodzi. Koma wapansi ukutentha, pamene wam'mwamba kwambiri, wa stratosphere, ukuzizira. Syukuro Manabe ndi Richard Wetherald anawerengera kale mu 1967 kuti mpweya wa carbon dioxide ukachuluka zidzakhala choncho. Ndipo wachulukadi, kuchoka pa magawo pafupifupi 280 mwa miliyoni kufika poposa 420.

Muulutsi: Kalata ina ndi ya mtsikana wa sekondale ku Zomba. Iye akuti a zanyengo amalephera kunena ngati mvula igwe milungu iwiri ikubwerayi, nanga za zaka 50 akuzidziwa bwanji?

Katswiri: Mwana wanga, funso limeneli linasowetsa tulo anthu ophunzira kwambiri. Mu 1827 Robert Brown anaona pa maikulosikopu tizidutswa tochokera mu mungu tikungonjenjemera m'madzi. Albert Einstein anafotokoza mu 1905 kuti tikugundidwa mbali zonse ndi timamolekyulu tamadzi tosaoneka. Palibe anganene kumene kachidutswa kalowere mphindi ikubwerayi, koma masamu amatha kunena mtunda umene tizidutswa totere timayenda pakapita nthawi yakutiyakuti. Nthambi ya fiziki imene imawerengera zinthu zambirimbiri pamodzi imagwira ntchito motero.

Klaus Hasselmann anatengera nzeruyi ku nyengo mu 1976. Taganizira bwato lalikulu lopanda wopalasa, timafunde tikuliwomba uku ndi uku. Kafunde kamodzi sikalisuntha, koma likakhalitsa umalipeza lasendera. Mphepo ndi mitambo ya tsiku ndi tsiku ndiyo timafundeto, nyanja zikuluzikulu zamchere, zimene zimachedwa kutentha ndi kuzizira, ndizo bwatolo. Apa pali mfundo imene ambiri saiyembekezera: nyengo imatha kusintha kwa zaka zingapo popanda dzuwa kapena munthu kuikankha. Tsono ukadziwa kukula kwa kusendera kwachibadwaku, umatha kuzindikira pamene kusintha kwapitirira muyezo, n'kufufuza chimene chikukankha. Hasselmann ndi Manabe analandira mphoto ya Nobel mu 2021 pamodzi ndi Giorgio Parisi.

Muulutsi: Nthawi yatithera, koma pali mayi wina wa ku Mangochi. Akuti akuluakulu ankanena kuti nyanja imadzaza ndi kuphwa potsata mawanga a dzuwa.

Katswiri: Mayi, maganizo amenewo analipo ngakhale kwa asayansi. Mu 1923 C. E. P. Brooks analemba kuti madzi a nyanja ya Victoria ankakwera ndi kutsika motsatana ndi mawangawo, ndipo manambala ake ankagwirizanadi. Koma anali ndi zaka zongokwana maulendo awiri a mawanga, ndipo zaka zotsatira mgwirizanowo unasokonekera. Zinthu ziwiri zoyenda pang'onopang'ono zimatha kuyendera limodzi kwa kanthawi mwangozi chabe. Ine sindikana kuti dzuwa limakhudza nyengo pang'ono, makamaka kudzera m'kuwala kwa ultraviolet kumene kumasintha kwambiri kuposa kuwala kwina. Koma wina akakubweretserani mizere iwiri yofanana papepala, mufunseni kuti wayeza zaka zingati, ndiponso kuti dzuwalo likufika bwanji pa mvula ya kwanu.

Muulutsi: Makalata otsalawa tidzawawerenga sabata yamawa.