Masewera Oponya Mbale

Anzanga ophunzira, ndifuna kukufotokozerani za masewera amene ambiri a inu simunawaonepo. Azungu amawacha disc golf. Ine ndinawadziwa mwezi wa Ogasiti, tsiku limene aphunzitsi athu a masamu anaturutsa kambale ka pulasitiki m'cikwama cao.

Masewerawa anakhazikika ku America. M'caka ca 1975 Ed Headrick anakonza bwalo loyamba m'paki ya Oak Grove ku Pasadena, m'dera la California. Iye yemweyo ndiye anapanga dengu lacitsulo la maunyolo, limene limagwira mbale ikafika. Lamulo lace nlapafupi. Munthu aponya mbale kulinga ku dengu. Pamene yagwera aimirira pomwepo naponyanso, kufikira italowa. Wopambana ndiye amene waponya kocepa koposa anzace. Bwalo lathunthu likhala ndi madengu 18, koma lalifupi 9.

Ife kuno ku Chitedze tiribe madengu otere. Tsono tinasankha mitengo 9 yozungulira bwalo la mpira, ca kufupi ndi mseu wa ku Mchinji, ndi kumangako nsanza zofiira. Aphunzitsi anati, "Mtengo uliwonse muuponye katatu kokha, yonse pamodzi 27."

Ine pokhala wamkulu msinkhu ndinaseka mumtima, ndinati iyi ndi nchito ya mphindi zocepa. Ndinaponya ndi mphamvu yanga yonse monga ngati ndikugenda mango. Mbale ija inakwera m'mwamba, niima pang'ono, ndipo mwera unaitenga nuigwetsa m'thengo kuseri kwa bwalo. Mbale inali imodzi yokhayo, ya eni ace, ndipo wotaya ndiye anayenera kukatola. Ndinalowa m'thengomo ndi kabudula. Anzanga, dzina la malo athu ano silinama ai! Citedze cinali citakhwima bwino lomwe, ndipo ndinakanda miyendo kufikira nthawi ya cakudya ca madzulo.

Tsono imvani zimene ndinaphunzira pambuyo pace. Mbale siiuluka monga mwala. Iuluka monga phiko la mbalame, ndipo cimene ciisunga kuti isagubuduke ndico kuzungulira kwace, monga momwe nguli iimirira pokhapokha iri kuzungulira. Cifukwa cace nchito yaikuru iri pa mfundo ya dzanja, si pa phewa. Ikani cala cacikuru pamwamba, zala zina zipinde pansi pa mkombero, kokani mbale modutsa pacifuwa, ndipo muitaye iri ceceteceete, mphuno yace isaloze kumwamba.

Palinso cina codabwitsa. Woponya motere ndi dzanja la manja adzaona kuti mbale ikayamba kutha liwiro ipotokera kumanzere. Nkofunika tsono kulinga pang'ono kumanja kwa mtengo. Mphepo yocokera kutsogolo iinyamula mbale, yocokera kumbuyo iitsitsa msanga. Pa ici ndiye ndinalakwa ine, pakuti ndinaponya moyang'anana ndi mwera mphuno iri m'mwamba.

Bwalo lija nla anthu onse. Amai osenza nkhuni ndi akabaza adutsapo kosalekeza, cotero musaponye munthu ali patsogolo. Amene mbale yace iri kutali koposa ndi mtengo ndiye ayamba, ena onse aime kumbuyo kwace.

Tsikulo ndinatsiriza ndi 41. Mtsikana wina wa Fomu 1, wocepa thupi, amene anangoponya pafupipafupi mosakweza, anatsiriza ndi 29, ndipo a m'kalasi mwanga sanaleke kundikumbutsa. Sabata yatha ndinatsika kufika 33.

Tikomananso Loweruka likudzali nthawi ya 2 koloko. Amene ali ndi cibvundikiro ca ndowa ya pulasitiki abwere naco, pakuti ciuluka ndithu ngakhale sicipita patali. Koma muyambe mwapempha kwa amai anu, ndipo mubvale buluku lalitali.