Kusiyira mnzako wa m'banja chuma pamene uli paulendo

M'parishi ya m'tauni ndi mabanja ochepa amene sanatalikiranepo chifukwa cha ntchito kapena sukulu. Bambo ali ku Johannesburg, mayi atumizidwa ku Mzuzu kwa miyezi itatu. Koma lendi, fizi ndi mayunitsi a ESCOM sizidikira kuti mwini akaunti ayambe wabwera. Nanga wotsala pakhomoyo amasiyiridwa chiyani?

Pa Lamulungu la 33 la Chaka A, Mpingo umawerenga pamodzi Miyambo 31 ndi Mateyo 25:14-30. Koyambako kuli mkazi amene mwamuna wake amamukhulupirira ndi mtima wonse, ndipo m'mutu womwewo mkaziyo amagula munda mwa nzeru zake. Kwinako kuli munthu wa paulendo amene asananyamuke adaitana antchito ake n'kuwapatsa chuma m'manja, aliyense podziwa kuchuluka kwake. Ngati wantchito adalandira ulemu wotere, koposa kotani mkazi kapena mwamuna amene munthu adalumbira naye pa guwa?

Buku la Tobiti likuonetsa mbali ina. Tobiti adasungitsa matalente 10 a siliva kwa Gabaele ku Ragesi, m'dziko la Mediya. Adachita bwino polemberana chikalata, aliyense n'kusunga chidutswa chake. Koma padapita zaka 20, ndipo adauza mwana wake Tobiyasi za chumacho pokhapokha ataona kuti imfa ingamupeze. Akadagona tulo tosadzuka, banja likadavutika ndi umphawi siliva ali chikhalire kwa eni. Masiku ano nazonso zilipo: akaunti imene mkazi sakuidziwa, puloti imene mapepala ake ali kwa mnzake wa bambo, ngongole ya katapila imene imadziwika tsiku limene okongoza agogoda pachitseko.

Choncho wochokayo akhale pansi ndi mnzake ulendo usanafike. Alembe m'kope maakaunti onse, ngongole zonse ndi masiku obwezera, ndi achibale amene amawathandiza mwezi ndi mwezi. Kungosiya khadi ya ATM ndi nambala yachinsinsi si kokwanira, ndipo mabanki amaletsa kuuza wina nambalayo. Khadi ikamezedwa ndi makina, banki idzafuna mwini wake ndi chiphaso chake. N'chimodzimodzi simu khadi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ikatayika, poti idalembetsedwa m'dzina la munthu mmodzi. Mauthenga otsimikizira malipiro nawo amapita ku foni ya mwini akaunti, imene mwina kunjako sikugwira. Njira yowongoka ndi kupita limodzi kubanki, kukatsekula akaunti ya anthu awiri kapena kukalembetsa wotsalayo kuti azitha kusayinira.

Chovuta kwambiri si mapepala, koma mtima. Tobiti yemweyo atachita khungu, mkazi wake Ana ndiye ankadyetsa banja ndi ntchito ya manja ake. Tsiku lina mabwana ake adampatsa kambuzi kuwonjezera pa malipiro. Tobiti atamva kakulira, adaganiza kuti n'kakuba, adakana kumvera mkazi wake, n'kumuuza kuti akabweze. Munthu wopemphera, wodziwika ndi zachifundo, adalephera kukhulupirira mkazi amene ankamudyetsa. Wa paulendo nayenso saona za kunyumba, ndipo kusaonako kumabala maganizo. Amaimba foni kufunsa za K5,000 iliyonse, kapena amatumiza ndalama kudzera kwa mchimwene wake kuti azipatsa mlamu wake pang'onopang'ono ngati mwana. Pamenepo waphwanya kale umodzi umene adaulonjeza pa tsiku la ukwati, ngakhale tambala imodzi isanasowe.

Wotsalayo naye ali ndi udindo wake. Antchito a m'fanizo lija adafotokoza za chuma mbuye wawo atabwera. M'banja si bwana ndi wantchito ayi, koma kufotokozerana kumafunikabe: kusunga malisiti, kunena msanga mtengo wa ufa ukakwera, ndi kufunsana asanagulitse katundu kapena kutenga ngongole yatsopano. Agwirizane kuchuluka kwa ndalama zimene wotsalayo angagwiritse ntchito osafunsa pakagwa matenda kapena maliro. Achibale a mbali zonse ziwiri auzidwe ulendo usanachitike, ngati n'kotheka pamaso pa ankhoswe, kuti pa za ndalama mawu a wotsala pakhomo ndiwo mawu a banja mpaka mnzake adzabwere.