Mbadwo Umene Sunauzidwe

LACHITATU

Werengani Yoswa 4:1-7 ndi Oweruza 2:7-10. Kodi miyala 12 ija inaimikidwa chifukwa cha yani? Nanga chinaoneka nchiyani atamwalira Yoswa ndi akulu a m'nthawi yake?

Yehova analamula kuti miyala itengedwe pakati pa Yordano, kuti tsiku lina ana adzafunse tanthauzo lake. Koma mwala sulankhula. Umafuna mwana wofunsa ndi mkulu woyankha. Atatha akulu amene anaona zozizwa ndi maso awo, ana awo anakula osamdziwa Mulungu amene anawolotsa makolo awo. Malemba satiuza kuti miyala ija inagwa. Chimene chinaduka ndicho kukambirana.

Ife okhala m'mbali mwa nyanja tikuidziwa bwino ngozi imeneyi. M'chaka cha 1881 Dr. Robert Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe, ndipo anyamata ambiri amene anaphunzira m'sukulu zake anapita kukafuna ntchito m'maiko a kumwera. Mmodzi wa iwo, Clements Kadalie wa ku Chifira, anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town m'chaka cha 1919. Ulendo wa ku Joni sunathe kufikira lero. Chotero m'makomo ambiri a ku Chintheche, Kande, Mpamba ndi Usisya mwatsala agogo ndi adzukulu, ndipo a pakati, amene akadawalumikiza, ali kutali. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anasonyeza kuti theka la Amalawi linali lisanakwanitse zaka 18. Ngati ameneŵa sauzidwa, adzauzidwa ndi yani?

Taganizirani zimene mbadwo uliwonse wasunga. Mkulu amadziwa mtengo woyenera kusema bwato, amazindikira mwera usanakunthe m'miyezi yozizira, ndiponso amadziwa masiku ovuulira chinangwa kuti kondowole asawawe. Mnyamata amene atuluka usiku ndi chilimira osamvera mawu otere angathe osabwerako. Koma nayenso wamng'ono ali nazo zopatsa. Ndiye amawerengera agogo malangizo a mankhwala a kuchipatala, nawathandiza kulandira ndalama za pa foni popanda kuberedwa. Akakhala motalikirana, wina amataya moyo panyanja, wina amataya thandizo la ana ake.

Werengani Malaki 4:5, 6. Kodi uthenga wa Eliya utembenuza mitima ya mbali imodzi yokha?

Mneneri atchula mbali zonse ziwiri, ndipo ayamba ndi atate. Timati mawu a akulu akoma akagonera, ndipo nzoona. Rehobowamu anataya mafuko 10 chifukwa chonyoza uphungu wa akulu (1 Mafumu 12:6-16). Komabe mkulu amene amangodzudzula, osafunsa kanthu, amatseka khutu limene afuna kulitsegula. Paulo anayamikira chikhulupiriro chimene Timoteo anachilandira kwa agogo ake Loisi ndi amayi ake Yunike (2 Timoteo 1:5), ndipo Paulo yemweyo sanalole kuti anthu ampeputse chifukwa cha unyamata wake (1 Timoteo 4:12).

Kodi ife tichitenji? Pa Sabata timakhala m'makalasi osiyana, achinyamata kwawo, akulu kwawo, ndipo tikaweruka timabalalika. Tisayembekezere msonkhano wa misasa. Masana a Sabata achinyamata awiri kapena atatu angathe kuyendera nkhalamba imene siithanso kufika kutchalitchi, kuiwerengera phunziro, ndi kuifunsa mmene mpingo wa m'mudzi mwawo unayambira. Akulu nawonso apatse ana mpata wotsogolera pemphero la madzulo, ngakhale achite chibwibwi. Madikoni ndi amayi a Dorika atenge wachinyamata mmodzi popita kukazonda odwala, pakuti ntchito yochitira pamodzi imamasula pakamwa koposa malangizo.

Funso Lolingalira: Tchulani mkulu mmodzi mu mpingo mwanu amene mbiri ya chikhulupiriro chake idzapita naye kumanda ngati palibe womfunsa. Kodi ndani wa m'kalasi mwanu adzapita kwa iye sabata ino, ndipo adzamfunsa chiyani?