Node.js Iti Yoyenera pa Seva? Mafunso ndi Mayankho

Kalata yoyamba yachokera kwa womvera wa ku Zomba amene amasamala webusaiti yogulitsirapo malonda. Akuti: "Pa seva yomwe makasitomala amadalira tsiku ndi tsiku, ndiikepo Node.js yongotuluka kumene, poti akuti imathamanga kwambiri?"

Zikomo achimwene. Posankha version musamatengeke ndi kukula kwa nambala, muziyang'ana tsiku lomwe opanga adzaleke kuisamalira. Node.js ili ndi ma version otchedwa LTS, omwe amalandira zigamba zotseka mabowo achitetezo kwa miyezi pafupifupi 30. Node 22 inatuluka mu Epulo 2024, inalowa m'gulu la LTS mu Okutobala chaka chomwecho, ndipo chisamaliro chake chinakonzedwa kufika Epulo 2027. Node 23, ngakhale nambala yake ndi yaikulu, inatuluka mu Okutobala 2024 n'kusiyidwa mu Juni 2025. Amene anaiika pa seva anayenera kusamukanso chaka chisanathe. Zoti yatsopano imathamangirapo sindikukana, koma pulogalamu yanu imadaliranso ma package ambirimbiri olembedwa ndi anthu ena, ndipo iwowa amafuna nthawi yokonza zomwe version yatsopano yasokoneza. Miyezi yodikira ija, version isanakhale LTS, ndi ya ntchito imeneyo. Yatsopanoyo muziyesera pa kompyuta yanu. Pa seva ya makasitomala ikani LTS yomwe yatsala ndi nthawi yaitali.

Mayi wina wa ku Mzuzu akutsutsa: "Yathu ndi Node 16 ndipo siinativutepo. Tiigwirirenji? Tikasintha, bwanji zikawonongeka?"

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Ambiri atachoka pa Node 16 kupita pa 18 anakumana ndi uthenga wakuti ERR_OSSL_EVP_UNSUPPORTED, chifukwa webpack 4 inkagwiritsa ntchito njira yakale ya MD4 yomwe OpenSSL 3 inaitseka. Komabe vuto lotere limaonekera poyera ndipo limakonzeka. Lomwe muli nalo panopa silioneka. Node 16 inasiya kulandira zigamba pa 11 Seputembala 2023, miyezi isanu ndi iwiri lisanakwane tsiku lomwe linalengezedwa poyamba, chifukwa OpenSSL 1.1.1 yomwe inali m'kati mwake inatha tsiku lomwelo. Bowo lililonse lopezeka kuyambira pamenepo lidakali chitsegukire, ndipo akuba a pa intaneti amawerenga zilengezo zomwezo zimene ife timawerenga. Webusaiti imatseguka bwinobwino, zinsinsi za makasitomala zili pambalambanda.

Choncho musinthe, koma mwadongosolo. Konzani seva yoyeserera yofanana ndi yeniyeniyo, yendetsanipo pulogalamu yonse, makamaka polipirira ndi polowera ndi password. Lembani nambala ya version mu package.json ndi mu Dockerfile kuti aliyense pa gulu lanu agwiritse ntchito imodzimodzi. Tsiku lomwe LTS yanu idzathe mulilembe pa kalendala ya ofesi lero lomwe, ndipo ntchito yosamuka iyambike kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, seva yakale ikadali yotetezedwa.