Transfer Case Ikavuta, Galaja Ikamangoti "Bwerani Mawa"

WOWULUTSA: Makalata a sabata ino ambiri akudandaula za bokosi lija limakhala kuseri kwa giyabokosi pa galimoto za 4x4, limene amakaniko amalitchula kuti transfer case. Bambo makaniko, takulandirani. Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wogula mbewu ku Rumphi. Akuti: "Ndili ndi Hilux yakale ya ndodo ziwiri za giya. Kukugwa mvula ndinatsika Golodi kuchokera ku Livingstonia ndili mu 4H. Pa Chitimba ndinalowa mu M1 osachotsa. Posakhalitsa chiwongolero chinayamba kulemera, matayala akulira pokhota, ndodo yaing'ono ija n'kukaniratu kubwerera. Kodi bokosi laphwanyika?"

MAKANIKO: Zikomo, achimwene. Bambo a ku Rumphi, mtima m'malo, ndikukayika ngati laphwanyika. Tsiku lina mukakhotetse galimoto pamchenga, mutsike, muyang'ane mizere imene matayala asiya. Mudzaona kuti akutsogolo azungulira patali kuposa akumbuyo. Tsono mukaika 4H, transfer case imamanga shafiti yakutsogolo ndi yakumbuyo kuti zizizungulira mofanana ndendende. M'matope a Golodi zimenezo zilibe vuto, chifukwa tayala limaterereka pang'ono, kukokanako n'kutha. Koma pa tala tayala limagwira zolimba, ndiye mashafiti amapotana ngati chitenje chimene mayi akufinya kudambo. Mano a magiya amapanana, ndodo n'kukakamira.

Imani pamalo abwino, muwongole matayala, mubwerere chambuyo mamita 10 kapena 20 uku mukukankha ndodoyo ndi zala zokha. Nthawi zambiri imangogwera yokha mu 2H. Ikakana, ikani matayala a mbali imodzi pamiyala ya m'mphepete mwa msewu n'kuyesanso. Chonde musaimenye ndi hamala kapena kuisomeka mupaipi kuti mupeze mphamvu. Ndalandirapo galimoto zothyoka mphanda ya m'kati chifukwa cha zimenezo, vuto loti likanatha ndi giya yobwerera chambuyo. Muonenso matayala anu onse anayi: akhale a saizi imodzi, mpweya wokwanira, okutha mofanana. Latsopano kutsogolo, lopalika kumbuyo, kupotana kuja kumabwera ngakhale pamsewu wowongoka. A Prado musadere nkhawa ngati yanu ili ndi difu yapakati, imayenda pa tala mawilo onse anayi akukoka, bola difuyo ikhale yosatsekedwa.

WOWULUTSA: Yachiwiri ndi ya mayi wina wa ku Chikwawa, ndipo ikumveka kuti alemba mtima ukuwawa. Akuti: "Galimoto yanga ndi yochita kupotokola kabatani poika 4x4. Nditawoloka madzi osefukira, nyale ya 4x4 inayamba kuphethira, matayala akutsogolo osakoka. Ndinakaisiya ku galaja ina ku Blantyre. Lero masabata 7 atha. Ndapereka ndalama kawiri, tsopano akuti ndigule bokosi lonse. Ndikaimba foni, yankho ndi lakuti bwerani mawa. Galimoto imeneyi ndi imene imadyetsa ana anga."

MAKANIKO: Pepani kwambiri, mayi. Mawu akuti "bwerani mawa" amandipweteka ineyo monga makaniko, chifukwa amatidetsera mbiri tonse ogwira sipanala. Tiyambe ndi galimotoyo.

Nyale ikamaphethira, kompyuta ikukuuzani kuti yalamula 4x4 kuti ilowe koma siinalandire yankho. Zimenezo pazokha sizikutanthauza kuti m'kati mwa bokosi mwawonongeka. Makaniko wabwino amayamba ndi zotchipa: fyuzi, kenako mapulagi a mawaya a pansi pa galimoto, amene amadzaza matope kapena kutafunidwa ndi makoswe, kenako timaswichi touza kompyuta pamene giya yafika. Akatero ayese kamota kokankha giya, kotchedwa actuator. Pa Hilux zambiri pali kenanso kachiwiri pa difu yakutsogolo, ndipo kali m'munsi, koyambirira kumira mukalowa m'madzi. Zonsezi zili kunja kwa bokosi. Ndinatsegulapo kamota kotere ka galimoto yochokera kuchigwa komweko: m'kati munali matope ouma ndi dzimbiri lobiriwira pa timikuwa. Titatsuka ndi kupaka girizi, 4x4 inalowa tsiku lomwelo.

Bokosi lowonongeka m'kati silibisala. Limalira mukamathamanga, giya imadzichokera yokha, kapena pokwera chitunda mumamva "gu! gu!" pansi pa mpando, tcheni chotamuka chikulumpha mano. Choncho mukapita, auzeni akhetse oyilo wa transfer case m'beseni loyera inu mukuona. Akatuluka ngati tiyi wamkaka, madzi analowera pa kapaipi kopumira. Ameneyo ngofunika kusintha msanga. Mukapeza tizidutswa tachitsulo tomveka pakati pa zala, apo ndiye bokosi litsegulidwe. Koma oyilo ali bwinobwino, phokoso palibe, wina n'kumati gulani bokosi lonse? Afotokoze chimene waona.

Tsono za galajayo. Musapite nokha, tengani mboni, makamaka wodziwako za galimoto. Pemphani kuti akulembereni papepala: vuto limene apeza, ntchito imene agwira, masipeya amene agula ndi mitengo yake, komanso tsiku lotulutsa galimoto. Chitsulo chilichonse chimene akuti asintha, chakale akupatseni m'manja, ndi chanu. Jambulani pafoni batire, matayala ndi makilomita a pa dashibodi, chifukwa galimoto yogonera nthawi yaitali imatha kusinthidwa zida. Malisiti sungani, ndipo ngati munalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, mauthengawo musafufute.

Ndinene chilungamo, nthawi zina makaniko amachedwa osati mwadala. Zida zambiri zimachokera ku Johannesburg, Dubai kapena Japan, ndipo ndalama zakunja zikusowa. Koma munthu woona amanena poyera kuti chitsulo chakuti ndaitanitsa tsiku lakuti, umboni wake nawu. Akakana kulemba chilichonse, lipirani ntchito yooneka yokha, mukoke galimoto yanu. Akaikaniza kapena kukana kubweza ndalama za zida zimene sanagule, kadandauleni ku Competition and Fair Trading Commission, kapena ku bungwe la ogula la CAMA ku Blantyre, mutanyamula mapepala aja. Ndipo zikapezeka kuti bokosi likufunikadi lina, musagule la kaunjika musanayerekeze nambala yake ndi lanulo, pakuti la giya yamanja ndi la otomatiki kawirikawiri sasinthana.

WOWULUTSA: Nthawi yatithera, koma mnyamata wina woyendetsa galimoto ya mpingo ku Dedza akufunsa mwachidule: athire oyilo wanji, ndipo 4L alowetse bwanji popanda kukukuta?

MAKANIKO: Aphwanga, oyilo muone m'buku la galimotoyo. Toyota zakale zambiri zimafuna 75W-90, pamene galimoto zina zimafuna ATF, wofiira uja wa giyabokosi ya otomatiki, musasakanize. Poyamba masulani boti yothirira, yam'mwamba, musanakhudze yokhetsera, kuopa kukhetsa oyilo yense kenako yam'mwambayo n'kukana kumasuka. Thirani mpaka ayambe kudontha pabowo. Za 4L, imitsani galimoto kaye, pondani kilatchi, kapena ikani pa N ngati ndi otomatiki, mukatero lowetsani. Ngati matayala akutsogolo ali ndi ma hub opotokola ndi manja, onse awiri aloze pa LOCK. Komanso ngakhale m'chilimwe, mwezi uliwonse muziyendako makilomita 16 muli mu 4H pamsewu wafumbi, monga wopita ku Linthipe kudzera m'midzi, kuti oyilo afike m'zida zakutsogolo.

WOWULUTSA: Mayi a ku Chikwawa, mudzatilemberenso mtundu wa oyilo umene mudzaone m'beseni lija.