PHUNZIRO 9: KUMVETSA MWANA WOVUTIKA MUMTIMA

Kuwerenga: 1 Samueli 1:9-18, Yohane 9:1-3
Mau oloweza: Aroma 12:15

Aphunzitsi okondedwa, phunziro ili ndi lanu, si la ana ai. Muliwerenge kunyumba modekha, ndipo ngati nkotheka mukambirane ndi aphunzitsi anzanu Sande Sukulu isanayambe.

Yambani ndi nkhani ya Eli ndi Hana. Hana anali ku nyumba ya Mulungu ku Silo alikupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedezeka. Eli anali wansembe wokalamba, wozolowera kuona anthu amitundumitundu, komabe tsiku limenelo anaphonya. Anangoona milomo, naganiza kuti maiyo waledzera, namdzudzula. Chimene chinalipo ndi kusowa mwana ndiponso chipongwe cha Penina, mkazi mnzake. Koma taonani kuti Hana atalankhula, Eli anamvetsera, nasintha maganizo, namdalitsa. Ndipo mai amene anali kukana chakudya anayambanso kudya, ngakhale kuti mwana anali asanampeze.

M'kalasi mwanu muli ana otere. Wina amagona inu mukuphunzitsa, wina amamenya anzake, wina anali wosangalala chaka chatha koma tsopano amangokhala duu kumbuyo. Pakamwa pathu sipachedwa kutchula dzina: waulesi, wamwano, wopanda mwambo. Mwina wogonayo anagona ndi njala, kapena anachezera kudwazika agogo ake.

Anthu amene anaphunzira ntchito ya uphungu amaphunzitsidwa poyamba kumva za mumtima mwa mnzao ngati kuti ndi iwo amene ali m'vutolo, koma osaiwala kuti vutolo ndi la mwini wake. Carl Rogers, katswiri wa za maganizo wa ku America, analemba m'chaka cha 1957 kuti munthu wovutika amathandizika pamene womthandizayo ali woona mtima, akumlandira monga momwe alili, ndiponso akumvetsa zimene iye akumva. Anaonjeza kuti wovutikayo ayenera kuzindikira yekha kuti wamvedwa. Apa ndi pamene ambirife timalephera. Kunena kuti "pepa mwanawe" nkwabwino, koma sikufanana ndi kumvetsa. Mwana akati, "Amai anga aja sadzabweranso," musathamangire kunena kuti asalire popeza ali kumwamba. Mungathe kunena kuti, "Ukuwasowa kwambiri amai ako, eti?" ndi kukhala chete. Iye akaona kuti mwagwira mau ake, adzapitiriza yekha. Khalani pansi pofanana naye, osamuimirira. Funsani mafunso ofuna kufotokoza, monga "Zinayamba bwanji?" Funso loti "Unachitiranji zimenezi?" limamveka ngati bwalo la milandu, ndipo mwana amatseka pakamwa. Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye chete. Kulakwa kwao kunayamba atatsegula pakamwa kuti amuuze chifukwa cha mavuto ake.

Tsono za kutchula matenda. Imeneyi ndi ntchito ya achipatala, ndipo iwonso satchula pongoona nkhope. Amafunsa kuti vutolo linayamba liti, lakhala nthawi yotani, ndiponso ngati likumlepheretsa munthu kudya, kugona, kuphunzira kapena kucheza. Mwachitsanzo, matenda a kukhumudwa amawaganizira pamene chisoni kapena kusafuna chilichonse kwakhala pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata 2 kapena kuposa. Ndipo mwa ana kawirikawiri amaoneka ngati kupsa mtima msanga. Chisoni cha maliro pachokha si matenda. Ntchito yanu ndi kupenya, kusunga mumtima zimene mwaona, ndi kukambirana ndi makolo mwaulemu kuti apite naye ku chipatala ngati kuli kofunika. Ku chipatala cha boma ndiko angayambire. Aliponso malo monga chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba ndi cha Saint John of God ku Mzuzu.

Tichenjezane kwambiri za khunyu. Khunyu ndi matenda a mu ubongo, sapatsirana kudzera m'malovu kapena pomgwira wodwala, ndipo mankhwala ake alipo. Mwana akagwa m'kalasi, chotsani mabenchi ndi zina zimene zingamvulaze, ikani chofewa kumutu, musaike supuni kapena chala mkamwa mwake, ndipo kuphiriphithako kukatha mgonekeni chammbali. Ana ena sagwa konse: amangoti maso tong'o kwa kamphindi osamva kuitana. Mphunzitsi amene atchula mwana wotere kuti ndi mfiti kapena ali ndi ziwanda amsenzetsa katundu amene sadzamtula mpaka kukula. Ophunzira a Yesu anafuna kudziwa amene anachimwa kuti munthu abadwe wosaona, koma Ambuye anakana kuloza chala munthuyo kapena makolo ake.

Kalasi lanu ndi gulu, ndipo gulu lili ndi mphamvu imene inu nokha mulibe. Irvin Yalom, dokotala wa matenda a maganizo, m'buku lake la 1970 lonena za kuthandiza anthu pagulu, anatchula kuti chimodzi mwa zinthu zochiza ndi kuzindikira kuti si iwe wekha uli ndi vutolo. Mwana wamasiye akamva mnzake akunena kuti nayenso amalira usiku, mtima umatsika. Motero mukafuna kukamba nkhani zolemera ngati maliro kapena mantha, gawani ana m'magulu ang'onoang'ono, amsinkhu wofanana, akhale mozungulira. Mugwirizane nao poyamba kuti palibe kusekana, palibe kudula mnzako mau, ndipo zonenedwa pano sizikanenedwa ku chitsime. Wolankhulitsa mumuyamikire nkupatsa mpata wina. Wamanyazi musamkakamize, nayenso alikuphunzira pomvetsera. Koma musaloze mwana pakati pa anzake kuti afotokoze za kwao, ndiponso musasandutse chinsinsi chake kukhala chitsanzo cha phunziro kapena mutu wa pemphero la pagulu iye asanalole.

Chinsinsi chili ndi malire ake, ndipo mwana muzimuuziratu zimenezi. Akakuuzani kuti wina akumgwira thupi mosayenera, akumzunza, kapena kuti iye akufuna kudzipha, simungasunge nokha. Mkhulupirireni, muuzeni kuti wachita bwino kunena ndipo si iye wolakwa. Musaope kumfunsa poyera ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu. Tsiku lomwelo dziwitsani abusa, ndipo nkhaniyo ifike kwa a zosamalira anthu pa boma kapena ku polisi. Nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana muno m'Malawi. Nkhani yotere isathere pa kukambirana kwa akulu a mpingo ngakhale wonenedwayo atakhala mkhristu wodziwika, ndipo musaitane mwanayo kuti akayankhulane maso ndi maso ndi amene akumnenayo.

Ntchito ya sabata ino: yang'anani m'kaundula wanu, mupeze mwana amene wajomba Masabata 3 otsatana. Pitani kwao muli awiri, mukalonjere makolo, mukafunse za moyo wa pakhomopo musanafunse za kujombako.