Mafunso ndi Mayankho: Magulu Odziyambitsira Tokha

Wowulutsa: Alangizi a zachitukuko cha m'madera afika, ndipo kalata yoyamba yachokera kwa achinyamata a ku Ndirande. Akuti Loweruka lililonse amatsegula ngalande ndi kutola zinyalala, koma wina wawaopseza kuti amangidwa poti gulu lawo ndi losalembetsa ku boma.

Alangizi: Palibe womangidwa pamenepa, ana anga. Gawo 32 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa aliyense ufulu wokhala pagulu. Kulembetsa kumafunika mukafuna kugwira ntchito ngati bungwe, kulandira ndalama za othandiza ndi kulemba anthu ntchito. Inu dziwitsani a mfumu ndi a khansala, kenako makasu paphewa. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope a phiri la Soche mu Malichi 2023, oyamba kufukula anthu ku Chilobwe anali anansi awo, ndipo palibe anawafunsa satifiketi.

Wowulutsa: Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina amene ali ku Johannesburg. Ali pagulu losonkherana ndalama zotumizira maliro kumudzi. Akufunsa ngati gulu liyenera kupereka ndalama malume a membala akamwalira.

Alangizi: Bambo, zimenezi amagwirizana anthu onse ali moyo. Thupi likakhala kale ku mochale mudzangokangana. Membala aliyense alembetse maina a abale omwe gulu lidzawathandize, ndipo ndalama zikhale ku banki, osainira atatu.

Wowulutsa: Yachitatu ndi ya mayi a ku Mchinji. Mnzawo wa banki m'khonde walephera kubweza ngongole, ndiye gulu lagwirizana zokazula malata a nyumba yake.

Alangizi: Eya, apa ndiye ndikhalepo. Mayi, malatawo musawakhudze. Ndimanena sabata ndi sabata: mphamvu yolanda katundu wa munthu chifukwa cha ngongole ili ndi khoti, kudzera mwa masherifu. Mukakazula nokha, mlandu utembenukira inu, ndipo amene ali ndi ngongole asanduka wodandaula. Yambani kwa a mfumu, mugwirizane kabwezedwe ka pang'onopang'ono, mulembe, asaine pamaso pa mboni. Zikakanika, pitani ku bwalo la majisitireti ndi buku lanu. Mlandu suwola.

Koma ndikufunseni, mayi: bukulo lilipo? Nanga munamubwereka zingati poyerekeza ndi masheya ake? Njira ya banki m'khondeyi inayambira ku Niger mu 1991, bungwe la CARE likugwira ntchito ndi amayi a kumudzi, ndipo inabwera ndi malamulo ake. Bokosi likhale ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi asakhale ndi kiyi. Ndalama ziwerengedwe mokweza aliyense akuona. Munthu asabwereke zoposa katatu masheya ake. Thumba la zadzidzidzi likhale palokha, la matenda ndi maliro. Chaka chikatha, gawanani zonse, muyambirenso. Ife tatola bokosi, malamulo tawasiya panjira.

Mudziwe kuti SACCO ili ndi oiyang'anira, Reserve Bank imaifunsa mabuku. Pakhonde lanu sipabwera aliyense wa ku likulu kudzawerengera. Oyang'anira ndinu eni ake, ndipo mukagona palibenso wina.

Ndinaona gulu lina kumene msungichuma anali mayi wopemphera kwambiri, wolemekezeka m'mudzi monse. Anzake ankachita manyazi kumuuza kuti atsegule bokosi, makiyi onse anamusiyira. Amuna ake atadwala anatapamo pang'ono, akuti adzabweza akagulitsa soya. Mtengo unagwa. Tsiku logawana litafika, m'bokosi munali timapepala tokhatokha. Mayi uja sanali wakuba poyamba, anzake ndiwo anamusenzetsa yesero losayenera kusenza munthu mmodzi. Lero amayi amene ankaphika limodzi pamaliro sapatsana moni.

Chinanso chimene chimandiwawa ndi chokakamiza membala kutenga ngongole kuti chiwongoladzanja chichuluke. Munthu alibe geni, mukuti tenga basi. Mawa akalowa gulu lachiwiri kuti abweze koyamba, lachitatu kuti abweze kwachiwiri, mpaka athawa pakhomo kusiya ana. Ameneyo ndi katapila, ngakhale mumuimbire nyimbo potsegula msonkhano. Abambo inunso, lekani kutuma akazi anu kukatenga ngongole m'dzina lawo, ndalama n'kudya inu, tsiku lobweza mwazemba.

Magulu amenewa alipirira ana sukulu, agulira anthu feteleza kumadera kumene banki ili kutali. Ndimawakonda, n'chifukwa chake ndimakalipa. Sabata ino khalani pansi, mulembe malamulo anu m'chilankhulo chanu, awerengedwe mokweza kuti osatha kuwerenga amve, ndipo aliyense asaine kapena adinde chala. Pepala lina mukasiye kwa a mfumu.

Wowulutsa: Alangizi, nthawi yatithera, makalata anayi atsala.

Alangizi: Tidzayamba ndi amenewo sabata yamawa. Mayi a ku Mchinji, mudzatilemberenso kutiuza zomwe mwagwirizana kwa a mfumu.